Kumene nthunzi ya ku Beira imakagwera: ulendo wa ku Honde m'nyengo ya masika

Aliyense amene anaphikapo nyemba amachidziwa chivundikiro. Madzi akayamba kubwadamuka, nthunzi imakwera, imakakumana ndi chitsulo chozizira, n'kusanduka madontho amene amayenderera mpaka kugweranso mumphika. Chivundikirocho chikakhala chopendekeka, madontho onse amathamangira mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala youma gwaa. Amene wazimvetsa zimenezi wadziwa kale chifukwa chake kum'mawa kwa Zimbabwe kuli tiyi, nthochi ndi mathithi, pamene ukangotsetsereka pang'ono kulowera kumadzulo umapeza malambe ndi mbuzi zobudula minga.

Mphika wake ndi nyanja yamchere ya India, ndipo moto wake ndi dzuwa. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, m'bale wake wa mwera umene umavutitsa asodzi athu, imanyamula chinyontho kugombe la Beira n'kudutsa nacho chidikha cha Mozambique. Dziko la kumeneko ndi lotsika, ndipo kupatula phiri la Gorongosa, mphepoyo siipeza choipinga. Imangoyenda mpaka kumalire, kumene imagundana ndi mtandadza wa mapiri wotalika makilomita pafupifupi 300, kuyambira ku Nyanga kumpoto, kudzera ku Bvumba pafupi ndi mzinda wa Mutare, mpaka ku Chimanimani ndi Chipinge kum'mwera. Kubwerera singabwerere, kuboola singaboole. Imakwera basi. Mamita 1,000 alionse amene mpweya wakwera, kutentha kwake kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mpweya wozizira sutha kusunga madzi ochuluka. Umawataya, mwina ngati nkhungu, mwina ngati mvula yowaza, mwina ngati chimvula chenicheni.

Apa fanizo lathu likutsimphina pang'ono. Mumphika nthunzi imazizira chifukwa yakhudza chitsulo, pamene paphiri mpweya umazizira chifukwa ukakwera umatambasuka, poti kumwambako kulibe zambiri zoupanikiza. Koma zotsatira zake n'zimodzi: mbali yoyang'ana kunyanja imanyowa, yakuseri imauma. Wa ku Mulanje sangadabwe nazo. Iye amadziwa kuti ku Lujeri ndi ku Ruo mvula siichita kupempha, pamene kuseri kwa phiri lomwelo, cha ku Phalombe, nthawi zina chimanga chimafota chili chiimire. Ndipo chiperoni chimene chimatiumitsa zala mu Juni, anzathu a ku Zimbabwe ali nacho chawo chimene amachitcha guti.

Chigwa cha Honde chili pamalo amene madontho amagwera. Chili m'boma la Mutasa, m'chigawo cha Manicaland, ndipo chinatsekuka cha kum'mawa, kuyang'ana ku Mozambique, kotero kuti mphepo yachinyontho imalowa mosagogoda. Pansi pa chigwacho ndi potalika mamita pafupifupi 900 kuchokera pamwamba pa nyanja, koma mapiri amene achitchinga amapitirira mamita 1,800, ndipo pamwamba pa onse pali Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592. Sapitwa wathu amaliposa ndi mamita pafupifupi 400, koma musakanene zimenezi mokweza kwa eni dziko. Tauni ya m'chigwachi ndi Hauna, ndipo chapafupi pomwepo pali Ruda, kamalo kodziwika ndi polisi yake komanso kabwalo kakale ka ndege. Ndi pamenepa pamene mlendo amayamba kuona bwinobwino khoma la mapiri litamuimirira kumadzulo, lobiriwira mpaka kunsonga, mitsinje ikutsika ngati yachita kukankhidwa.

Tikambe za nyengo, pakuti ambiri amasokonezeka nazo. Zithunzi za m'makalendala zinatiphunzitsa kuti dziko lamapiri limakongola masamba akamafiira n'kuyoyoka, monga zimachitikira ku Japan, ku Canada kapena ku Switzerland mu Okutobala. Wopita ku Honde mu Epulo akuyembekeza zimenezo abwerako wokhumudwa. Kwathu kuno zinatembenuka. Mitengo ya mombo, imene kumeneko amati musasa, imafiira mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo ofiirawo ndi masamba anthete amene angophuka kumene, osati okalamba amene akufuna kugwa. Masika athu, kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka Meyi, ali ndi mphatso ina. Moto pansi pa mphika waphwetsedwa, koma nthunzi ikadafukabe. Mvula yamabingu yapita, fumbi silinayambe, utsi wa moto wolusa sunaphimbe mlengalenga, ndipo mitsinje ikadali yokhuta. Ukaima pamtunda m'mawa, nkhungu ili pansi pako, yadzaza chigwa chonse, ndipo dzuwa likakwera imang'ambika n'kukuonetsa minda, madenga ndi dziko la Mozambique kutali uko.

Ine ndimati mwezi wabwino ndi kuyambira pakati pa Epulo kufika kumapeto kwa Meyi. Marichi ndi wonyenga. Ndi mwezi umene nyanja imakhala yotentha kwambiri, ndipo mphika ukawira mopyola muyeso chivundikiro sichithanso kuugwira. Pakati pa Marichi mu 2019, namondwe wa Idai analowera ku Beira n'kukafika ku Chimanimani ndi Chipinge, kumene mapiri anagumuka usiku, miyala ndi matope n'kukwirira nyumba ku Ngangu ndi ku Kopa, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Ife sitifunika kuchita kufotokozeredwa. Napolo wa ku Phalombe anatsika mu Marichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy anatiliritsa maliro ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe komweko mu Marichi 2023. Phiri limene limakupatsa madzi chaka chonse ndi lomwelo limene limakugwetsera thanthwe nthaka ikakhuta. Juni ndi Julayi nawonso ali ndi zawo: kumtunda ku Nyanga ndi ku Troutbeck udzu umachita kuyera ndi chisanu m'mawa, ndipo guti akagwa ukhoza kukhala masiku angapo osaona phiri limene unalipirira thiransipoti.

Njira yochokera kwathu ndi yodziwika kwa ogulitsa malonda. Kuchokera ku Blantyre umadzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kusankha: kulowera ku Nyamapanda mpaka ku Harare n'kubwerera kum'mawa makilomita oposa 260 kukafika ku Mutare, kapena kutsika ndi Mozambique kudzera ku Catandica n'kukalowera pachipata cha Machipanda ndi Forbes, chimene chili pakhomo penipeni pa Mutare. Kuchokera ku Mutare umakwera Christmas Pass, kutsata msewu wa ku Nyanga, kudutsa Watsomba, n'kupatukira kumanja. Kuyambira pamenepo nkhani ndi kutsika. Msewu ndi watala koma ndi wokhotakhota, wopapatiza, ndipo malole odzaza nthochi amakwera nawo mochita kubuula. Uyambira m'minda ya paini, mphepo ikukulowa m'mafupa, juzi ili m'thupi. Usanathe ola limodzi makutu atsekeka, juzi wavula, ndipo pawindo pakulowa fungo la nthaka yonyowa ndi nthochi zakupsa. Wokhala ndi mutu wozungulira asakhale kumpando wakumbuyo kwa minibasi.

Kusiyana kwa kumtunda ndi kunsi kumeneku n'kumene kuyenera kulamula zoika m'chikwama. Jekete yosalowa madzi ndiyofunika ngakhale kumwamba kuli mbee, chifukwa nkhungu ya kumeneko imanyowetsa ngati mvula. Nsapato zikhale zamano, pakuti dothi lofiira la m'njira zotsetsereka ndi loterera. Ndipo pali china chimene alendo amachiiwala poganiza kuti kumapiri kulibe udzudzu. Ku Nyanga kumtunda ndi wochepadi, koma Honde ndi chigwa chofunda ndi chonyowa, ndipo malungo amavuta kwambiri kumapeto kwa mvula, m'miyezi yomweyi imene tikuiyamikira. Neti musaisiye. Ndalama zoyendera bwino ndi madola a ku America, makamaka ang'onoang'ono, ngakhale dzikolo lili ndi ndalama yake ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024.

Chimene ambiri amapitira ndi mathithi a Mutarazi. Kamtsinje kake si kakakulu, ndipo ukakapeza kumtunda ukhoza kukapeputsa. Koma kakafika kumapeto kwa thanthwe kamadziponya pansi mamita oposa 760, m'magawo awiri, kugwera m'chigwa cha Honde. Palibe mathithi ena aatali chotero m'Zimbabwe. Victoria Falls ndi otambalala ndi aphokoso, koma kutalika kwake kungopitirira pang'ono mamita 100. Mu Okutobala Mutarazi amaonda n'kutsala kamzere koyera, kotero kuti masika ndiyo nthawi yowaona ali ndi thupi. Kumtunda kuli milatho yazingwe yolendewera pamwamba pa phompho, ya anthu olimba mtima ndi olimba thumba. Ine ndimaona kuti woyang'ana ali kunsi, cha ku Hauna, sanamanidwe kanthu: amaona madziwo akutuluka mumtambo, ndipo salipira kalikonse.

Mtsinje waukulu ndi Pungwe, umene umayambira pa Nyangani, n'kutsika m'chigwembe chakuya, kuwoloka malire, kulandira madzi a Honde, n'kukathira m'nyanja pa Beira pomwe nthunzi ija inachokera. Madontho abwerera mumphika. Koma asanabwerere amagwira ntchito. Mzinda wa Mutare umamwa madzi a Pungwe odzera m'ngalande yoboola phiri ndi m'mapaipi. M'chigwamo muli timakina tingapo topangira magetsi pa Pungwe, pa Nyamhingura ndi pa Duru, timene sitifuna damu lalikulu chifukwa kutsetsereka kwa dziko ndiko kumapatsa madzi mphamvu. Alimi nawo anaphunzira nzeru yomweyo. Paliponse uona mapaipi akuda akutsika m'phiri, atatchera madzi kumtunda, akuthirira nthochi popanda injini kapena mafuta. N'chifukwa chake nthochi za ku Honde zimapezeka pamsika wa Sakubva ku Mutare ndi wa Mbare ku Harare chaka chonse. Pambali pa nthochi pali mapeyala, nzimbe, zinanazi ndi madhumbe, koko wathu uja, amene amayi amagulitsa wophikaphika m'mbali mwa msewu ndipo amayenda bwino ndi tiyi wam'mawa.

Tiyiyo ndiye mwana weniweni wa chivundikiro. Ndi mbewu yosankha: imafuna mvula yoposa mamilimita 1,200 pachaka, yogwa mofalikira, nthaka yowawasa ndi yakuya, ndiponso malo opanda chisanu choundana. Kumtunda ku Nyanga kumazizira mopitirira, ndiye kumeneko amalima maapozi ndi mbatata ya kachewere. Kumadzulo n'kouma. Malo oyenera ndi m'munsi mwa khoma, moyang'ana kum'mawa, ndipo m'menemo ndi mmene muli maesiteti a Eastern Highlands ndi Aberfoyle, pamodzi ndi alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba awo kufakitale. Munthu wa ku Thyolo akatsika basi kumeneko akhoza kuganiza kuti wasochera n'kubwerera kwawo. Mizere ndi yomweyo, yodulidwa mofanana m'chiuno, madengu akumsana ndi omwewo, kapitawo ndi sikelo yake ali pamthunzi. Kufananaku sikuti n'kwa maso okha. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, limene lili ku Mimosa ku Mulanje, lakhala likutumikira alimi a m'mayiko onse awiri, ndipo mitundu ya tiyi yobadwira ku Mulanje inabzalidwa m'minda ya ku Zimbabwe.

Wobwera mu Epulo amapeza ntchito yotchola ikadalipo koma ikuyamba kuphwa. Tiyi wochuluka amatcholedwa m'dzinja, pamene nsonga zimaphuka msanga kotero kuti otchola amabwerera pamunda womwewo patangopita sabata imodzi kapena masiku khumi. Kukayamba kuzizira tchire limachita ulesi, aganyu amachepetsedwa, ndipo mipeni yodulira imatuluka. Ngati mwapeza mwayi wolowa m'fakitale, lowani. Masamba amayalidwa kuti afote usiku wonse, amadulidwa ndi kupotokoledwa m'makina, amasiyidwa kuti asinthe mtundu kuchoka pobiriwira kufika pofiirira, kenako amaumitsidwa ndi mpweya wotentha n'kusefedwa. Kuchoka pamtengo kufika m'thumba sipadutsa masiku awiri. Fungo lake limakhala m'malaya mpaka madzulo.

M'makomboni a m'maesiteti amenewa musadabwe kumva Chichewa, kapena Chinyanja chosakanikirana ndi Chimanyika. Kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu a ku Nyasaland ndi ku Mozambique ankadzaza minda ndi migodi ya Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, ndipo ambiri sanabwererenso. Ndi matchona amene agogo athu ankawalira. Zidzukulu zawo zina sizinapondepo pa Mwanza, koma mfunda zili nawo, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Chigwachi chinaonanso zoopsa. Pokhala pamalire, chinali njira ya asilikali omenyera ufulu ochokera ku Mozambique, ndipo boma la Ian Smith linasonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa ndi waya. Mu Disembala 1976, antchito 27 a pa esiteti ina ya tiyi m'chigwamo anaphedwa usiku umodzi pamaso pa mabanja awo, ndipo mbali ziwiri za nkhondoyo zinalozana chala. Mukakhala pansi ndi achikulire a kumeneko, nkhani imeneyi musaiyambe ndinu. Perekani moni, funsani za mvula ndi za nthochi, iwo akafuna aitchula okha.

Okonda kukwera mapiri adzafuna Nyangani. Kukwera kwake si kovuta ngati kwa Sapitwa, pakuti kuchokera poimika galimoto m'nkhalango yotetezedwa ya Nyanga munthu wamphamvu zake amafika pansonga m'maola ochepa. Vuto ndi nkhungu. Imabwera mwadzidzidzi kuchokera ku Honde, ndipo ikakuphimba suona ngakhale mnzako amene ali patsogolo pako. Anthu asowapo paphiri limeneli osapezekanso. Eni dera amati ndi phiri la mizimu, salola kutukwana kapena kuloza chala zachilendo zimene waona, ndipo wa ku Mulanje amangogwedeza mutu chifukwa malamulo ake akuwadziwa. Kaya mumakhulupirira mizimu kaya mumakhulupirira za mpweya wokwera, malangizo ndi amodzimodzi: lembetsani kuofesi, tengani wokutsogolerani, nyamukani m'mamawa, ndipo dzuwa likapendeka mukhale mutayamba kutsika.

Amene ali ndi masiku owonjezera apite ku Chipinge, chifukwa msewu wa kumeneko ndi umene umaonetsa bwino kupendekeka kwa chivundikiro. Kuchokera ku Mutare umatsikira kum'mwera, kuseri kwa mapiri, ndipo dziko limauma ukuona. Pofika cha ku Birchenough Bridge, mlatho wachitsulo umene unatsegulidwa mu 1935 pamtsinje wa Save, umakhala uli m'dziko lofanana ndi Chikwawa: malambe, mchenga, kutentha, mapira m'malo mwa chimanga. Mpweya umene ukuomba kumeneko ndi womwe uja wa ku Beira, koma madzi ake unawasiya kale kuphiri, ndipo potsika umatenthanso n'kuyamba kuyamwa chinyontho cha m'nthaka. Ukapatuka pa Tanganda n'kuyamba kukwera, pasanathe ola limodzi wabwerera m'dziko lobiriwira.

Kuno ndiko kunabadwira tiyi wa Zimbabwe. Anabzalidwa koyamba mu 1924 pafamu ya New Year's Gift, ndi mbewu yochokera ku Assam m'dziko la India, patapita zaka zoposa 30 Henry Brown atabzala kale tiyi ku Mulanje mu 1891. Dzina la mtsinje wa Tanganda ndilo linakhala dzina la kampani ndi la paketi imene imapezeka pafupifupi m'khitchini iliyonse m'dzikomo, monga Chombe kwathu kuno. Minda ya Ratelshoek, Jersey ndi Zona ndi ya kampani imeneyi, pamene Southdown ndi Clearwater ndi ya kampani ina ya Ariston. Anthu a kuno amalankhula Chindau. Chakum'mwera, ku Mount Selinda, kuli nkhalango ya Chirinda, kachigawo ka nkhalango yachilengedwe kamene kamakhala ndi moyo chifukwa cha nkhungu yomweyi, ndipo m'katimo muli mbawa yaikulu imene amangoitcha Big Tree, yotalika mamita oposa 50. Ife amene tinazolowera kuona mbawa itasanduka chitseko kapena bokosi la maliro tiyenera kukaiona ili chilili.

Koma Chipinge wa lero si wa tiyi yekha. Mtengo wa tiyi pamsika wa dziko lonse wakhala wosakhazikika, otchola akusowa chifukwa malipiro ndi ochepa ndipo achinyamata amasankha Joni kapena migodi ya golide, kotero makina otcholera alowa m'minda ndipo mizere ina yazulidwa. M'malo mwake mwabzalidwa mapeyala ndi mtedza wa makadamiya, monga momwe zachitikira ku Thyolo. Mtedzawu umayamba kugwa m'miyezi yomweyi ya masika, ndipo uli ndi ndalama moti unabweretsa akuba oyenda ndi zikwanje, alonda amfuti ndi malamulo okhwima a kagulitsidwe kake. Mukamayenda m'mbali mwa munda n'kuona mtedza uli mbwee pansi, manja akhale m'thumba. Mlonda sadzafunsa ngati ndinu mlendo wochokera ku Malawi.